Za khadi la kubanki ndi chilombo cha m'Chivumbulutso

Achemwali ena okhala ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg andilembera pa imelo. Abusa awo akuti khadi la kubanki ndi chizindikiro cha chilombo, amuna awo a Seventh Day akuti chizindikirocho chikukhudza kupembedza pa Lamulungu, pomwe mayi awo a CCAP ku Dedza akuti zonsezo aziiwale. Akufunsa kuti amvere ndani, komanso ngati asiye kutumiza ndalama zomangira nyumba poti Yesu wayandikira.

Achemwali, funso lanu landibwezera ku Meyi 2008. Chipwirikiti chija chothamangitsa anthu obwera kuchokera m'maiko ena chinayambira ku Alexandra, ku Johannesburg komweko, ndipo anthu 62 anaphedwa. Ife tinadzitsekera m'kachipinda ku Jeppestown, amuna asanu, matiresi tatsamiritsa kuchitseko, mafoni tazimitsa. Panali bambo wina wachikulire wa ku Nkhata Bay, Baibulo lake lothothoka chikuto atalikulunga m'pepala la shuga. Mnyamata wina anayamba kuwerengetsa zaka pa chikatoni, akuti nkhondo ya Armagedo ndi imeneyi. Bambo aja anamulanda cholembera, n'kutsegula Chivumbulutso chaputala 7, pamene pali khamu la anthu a mitundu yonse ndi zinenero zonse, otuluka m'chisautso chachikulu, Mulungu akuwapukuta misozi. Anawerenga monong'ona, kunja kukumveka malikhweru. Ndinalira ngati mwana. Kuyambira ndili wamng'ono bukuli ankandiopsezera nalo, koma usiku umenewo linandigwira dzanja.

Ndi bambo omwewo amene anandiuza za Elliot Kamwana wa kwawo, yemwe anaphunzira kwa mmishonale Joseph Booth ku Cape Town, n'kubwerera kukabatiza anthu zikwizikwi mu 1908 ndi 1909, akulalikira kuti 1914 ufumu ufika. Chinafika ndi nkhondo yaikulu. Kuwerengetsa masikuku sitinayambe ndife. William Miller ku America anatenga masiku 2,300 a pa Danieli 8:14 kukhala zaka, ndipo anthu ake anadikira pa 22 Okutobala 1844 mpaka kunacha. Mpingo wa amuna anu unaphuka pa chitsa chimenecho, ukuphunzitsa kuti tsikulo Khristu anayamba ntchito ya chiweruzo kumwamba, ndipo kuti Lamulungu lidzakhala chizindikiro likadzakakamizidwa ndi lamulo. Mkwatulo wachinsinsi umene abusa ambiri a chipentekoste amalalikira anaufalitsa mlaliki wa ku Britain John Nelson Darby m'ma 1830. Akatolika ndi a CCAP amatsata kwambiri Augustine, mphunzitsi wakale wa mpingo, amene anati zaka 1,000 za pa Chivumbulutso 20 ndi nyengo ino ya mpingo, n'chifukwa chake mayi anu sakutekeseka.

Ine ndimawalemekeza onsewa, ndipo ndapempherapo nawo. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindingachinyengerere. Mbusa amene amaimirira pamaso pa anthu opanda mapepala, othamangitsidwa ndi apolisi, olipira lendi ya kachipinda kogawa ndi nsalu, n'kuwawonjezera mantha a khadi, akulakwira anthu a Mulungu. Malume anga anagulitsa ng'ombe ziwiri mu 1999 chifukwa mlaliki wina anati 2000 sitiiona. Mlalikiyo anamanga nyumba yamalata. Malume anamwalira akulima ganyu m'munda wa eni. Mtima umandiwawabe.

Za 666 ija

Yohane analemba Chivumbulutso ali pa chilumba cha Patmo, kulembera mipingo isanu ndi iwiri yeniyeni, monga Efeso ndi Smurna, yokhala pansi pa ulamuliro wa Roma umene unkafuna kuti mfumu ilambiridwe. Masiku amenewo zilembo zinkagwiranso ntchito ya manambala, ndipo dzina la mfumu ya Roma lakuti Nero Kaisara likalembedwa m'Chiheberi limakwana 666. Mipukutu ina yakale ili ndi 616, yomwenso imagwirizana ndi dzinalo m'kalembedwe ka Chilatini. Nkhani yonse ya chaputala 13 ndi kulambira: ukugwadira ndani mpeni ukakhala pakhosi. Khadi silikufunsani kuti mukane Yesu.

Tsono achemwali, khadilo lisungeni, malipiro anu azilowa. Abusawo afunseni mwaulemu za Mateyu 24:36, pamene Yesu akuti tsikulo salidziwa ngakhale angelo. Ndi amuna anu musakanganirane Sabata pa mbale ya nsima, werengani limodzi Chivumbulutso chaputala 2 ndi 3. Ndalama za simenti tumizani mwezi uno, mvula isanagwe ku Dedza.