Musamugulire kamwana ka pusi kameneko

Amayi anzanga, ndalamazo musamupatse mwana wanuyo, ndipo amene akukuuzani m'gulu muno kuti pusi amaweteka ngati mphaka sanakhalepo pabwalo limodzi ndi pusi womangidwa pawaya. Mwanena kuti mnyamata wanu ali ndi anthu ambiri omutsatira pa TikTok, ndipo akuti akagula kamwana ka pusi kamene munthu wina akugulitsa, anthuwo achuluka mpaka ayambe kupeza ndalama. Mawu omwewo ndinawamva pakamwa pa mwana wa eni nyumba imene tinkachita lendi kuno ku Chipata, ndipo lero mwana wanga wamkazi ali ndi khutu loperewera ndi zipsera pamkono zimene adzakula nazo.

Kapusi kake kanabwera m'katoni, katakakamira chinsanza ndi timanja tonse, ndipo wogulitsa, amene ankachokera mbali ya msewu wa ku Mfuwe, ananena kuti make anagundidwa ndi galimoto. Ogulitsa onse amanena zimenezo, kapena amati anakatola m'munda kali kokha. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti pusi wamkazi sasiya mwana wake pansi, amayenda naye atamukakamira pamimba ngakhale agalu akumuthamangitsa, kotero kuti kamwana kafike m'katoni ndiye kuti make waphedwa ndi agalu, msampha kapena mfuti. Ndikudziwa kuti alimi amavutika ndi apusi ndi anyani m'minda ya chimanga, ndipo sindikuweruza munthu woteteza chakudya cha ana ake, koma mlimi akazindikira kuti kamwana kali ndi msika m'tauni, amayamba kusaka dala apusi oyamwitsa. Ndalama ya mwana wanu idzakhala ngati chikole cha kamwana kena kamene panopa kadakali pamimba pa make.

Miyezi yoyamba mnyamata uja ankakaveka thewera ndi kamalaya ka khanda, n'kumakamwetsa tiyi ndi maheu pa kamera, ndipo anthu ankaseka ndi kuyamikira. Foni ikazimitsidwa, kanyamako kankamangidwa pamtengo wa mango ndi waya m'chiuno, kankalira usiku wonse, ndipo pamene kankakula wayayo analowa m'mnofu. Pusi ndi nyama yokhala m'gulu, imene tsiku lonse imakhala ikusosolana ubweya ndi inzake, ndipo ikasungidwa yokha imasokonezeka mutu: uyu ankadziluma mchira ndi kuzungulira mtengo kosalekeza mpaka pansi panakumbika kanjira. Mano amene ankaonetsa pavidiyo, amene owonera ankati akumwetulira, ndi chizindikiro cha mantha kwa nyama za mtundu umenewu. Pusi wamphongo akafika zaka pafupifupi 5 amakhala wamkulu, mano ake am'mbali amatalika ndi kusongoka, ndipo amayamba kufuna kudziwa amene ali pamwamba ndi amene ali pansi m'gulu lake. Gulu lake likakhala la anthu, amayambira pa wofooka, ndiye kuti pa mwana wamng'ono. Akhoza kukhala moyo zaka zoposa 20, pamene chidwi cha owonera chimatha kanyamako kakangosiya kuoneka ngati khanda.

Tsiku limene mwana wanga analumidwa ndinali kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale, mwana wanga atangobwera kuchokera kusukulu, asanavule n'komwe yunifomu. Mnyamata uja anamuitana, n'kumupatsa nthochi, n'kumuuza kuti aikweze m'mwamba ndipo asaisiye ngakhale pusi aifune, kuti vidiyoyo ikhale yoseketsa. Mwana wa giredi 1 akauzidwa ndi wamkulu amamvera. Kenaka anamasula waya. Ine ndinangomva kukuwa kumene sindinamvepo pakamwa pa mwana wanga, ndipo nditazungulira nyumba ndinapeza pusi ali paphewa pake, dzanja limodzi lili m'tsitsi, mano ali pakhutu, mwanayo akuzungulirazungulira manja ali m'mwamba, nthochi ija asanaisiyebe chifukwa anauzidwa kuti asaisiye. Ndinamenya nyamayo ndi mthiko umene unali m'manja mwanga, ndipo posiya khutu inamuluma pamkono kawiri isanathawire padenga. Magazi anatsikira m'khosi mpaka kolala yoyera inafiira yonse, ndipo kachidutswa ka khutu kanali kulendewera. Pamene ndinkamunyamula ndinatembenuka kuti ndiuze mnyamata uja athamangire takisi, ndipo ndinaona kuti foni ija idakali m'mwamba, akujambulabe. Mayi wina woyandikana nafe ndiye anandikokera kumpopi, natsuka mabalawo ndi sopo kwa nthawi yaitali mwanayo akuphupha m'manja mwanga, natuma mwana wake kumsewu kukaimitsa galimoto.

Kuchipatala anandifunsa ngati nyamayo inalandirapo katemera aliyense, ndipo yankho linali lakuti sinaonedwepo ndi dokotala wa ziweto chibwerereni m'katoni. Anamubaya jekeseni wa kafumbata, natiyambitsa majekeseni oteteza ku chiwewe, natiuza kuti tisaphonye tsiku lililonse limene alemba pakhadi, chifukwa chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro palibenso mankhwala, munthu amafa. Masabata otsatira ndinkadzuka pakati pa usiku kumukhudza pamphumi, ndipo akakana madzi pang'ono pokha mtima wanga unkaima. Mpaka lero salola kuti tsitsi lake limangidwe m'mwamba, ndipo akamva chinthu chikuyenda padenga amathawira pansi pa tebulo.

Mnyamata uja sanabwere kuchipatala, ndipo sanapereke ngakhale ngwee ya takisi. Madzulo a tsiku lomwelo, ife tili pamzere wa mankhwala, anaika vidiyo ija pa intaneti atadula pamene mano analowa, atawonjezera nyimbo yoseketsa, ndipo inaonedwa kuposa mavidiyo ake onse. Anthu amene sadziwa dzina la mwana wanga analemba kuti akufa n'kuseka. Nditapita kwa make, mzimayi mnzanga amene anaberekapo, anandiyankha kuti mwana wanga ndiye anaiputa nyamayo, ndipo bambo wake anati ngati tikufuna kukasuma tiyambe tafuna nyumba ina. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pabwalo limene lija mwana wanga anali wotsika mtengo kuposa vidiyo. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mnyamatayo sanali chitsiru kapena chidakwa. Anali wophunzira, waulemu polonjera, koma anali atazolowera kuona chilichonse kudzera pagalasi la foni mpaka magazi a mwana anangokhala gawo loti adule.

Njira imene anapeza yothetsera vutolo inali kuitana mnzake kuti agwire pusiyo, iye n'kumuthyola mano ndi pulayala, popanda mankhwala alionse oletsa ululu. Kukamwa kunatupa, kunatuluka mafinya, nyamayo inalephera kutafuna, ndipo ine amene ndinkaida ndi mtima wonse ndinapezeka ndikuiikira phala lozizira pambale yakale usiku eni ake atagona, chifukwa kulira kwake kunali kosapiririka. Inafa mvula itayamba, ili pawaya womwe uja, ndipo anaitaya kudzala. Tisanasamuke n'komwe anali atayamba kufunsa anzake kumene angapeze chinkhwe cholankhula.

Zinkhwe zotuwa za mchira wofiira zimene mumaona zikulankhula pamavidiyo kwawo ndi kunkhalango za ku Congo ndi maiko oyandikana nawo, zimagwidwa ndi ulimbo, ndipo zambiri zimafera m'njira zisanafike kwa wogula. Zinatha kwambiri m'tchire kotero kuti pa msonkhano wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama zakutchire pakati pa maiko, ku Johannesburg mu 2016 maiko anagwirizana zoletsa malonda a zinkhwe zogwidwa m'tchire pakati pa maiko, ndipo pa msonkhano womwewo analetsanso malonda a mitundu yonse 8 ya ngaka. Ku Asia kuli kanyama ka maso aakulu, kofanana ndi changa, kotchedwa slow loris, kamene kanatchuka ndi mavidiyo okagirigisha kakukweza manja. Kukweza manjako ndi njira yake yodzitetezera, ndipo ogulitsa amakadula mano monga momwe anachitira ndi pusi uja. Ngakhale eni Instagram mu 2017 anayamba kuika chenjezo kwa anthu ofufuza zithunzi zodzijambula atanyamula nyama zakutchire. Choncho nkhani ya mwana wanu si ya kapusi kamodzi. Mnyamata wopanda omutsatira akasunga pusi amazunza nyama imodzi, koma amene amaonedwa ndi anthu zikwizikwi amaphunzitsa ana onse omuonera kuti nawonso afune kawo, ndipo wogulitsa uja sadzasowanso ntchito. Ifenso amene timaseka ndi kutumizirana mavidiyo otere tili ndi gawo lathu, chifukwa chimene mnyamata uja ankasaka ndi kuseka kwathu.

Palinso lamulo, ndipo ndikudabwa kuti palibe amene walitchula pa mayankho onsewa. Lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limanena kuti nyama zonse zakutchire m'dziko muno zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ndipo munthu sangagwire, kugula kapena kusunga nyama yotere popanda chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona zanyama zakutchire imene inalowa m'malo mwa ZAWA. Pa nyama zotetezedwa mwapadera monga ngaka, chilango chimayambira pa zaka 5 m'ndende. Mwana wanu akufuna kuika nkhope yake ndi umboni wa mlandu wake pamalo amodzi, pamene aliyense angaone ndi kusunga. Ku Chimfunshi, kufupi ndi Chingola, akhala akulandira anyani aakulu a mtundu wa chimpanzi kuyambira 1983, ndipo ambiri mwa iwo anayamba chimodzimodzi, ali makanda m'manja mwa anthu amene anawatopa nawo atakula.

Ngati akufunadi kujambula nyama, South Luangwa ili pafupi nafe, ndipo anthu amawoloka nyanja ndi ndege kudzaona zimene ife tingakafikeko ndi basi. Akajambule apusi ali m'mitengo ndi amawo, aphunzire kwa anyamata a ku Mfuwe amene amadya ndi ntchito yoperekeza alendo. Akafuna chiweto cha pakhomo, nkhunda, akalulu ndi galu wolandira katemera zilipo.

Koma ngati walipira kale ndipo kanyamako kali m'nyumba mwanu pamene ndikulemba, musakataye kuphiri, chifukwa kamwana kopanda make sikatha masiku, ndipo musakabweze kwa wogulitsa, amene angokapititsa kwa wina. Kafunditseni, kapatseni chinsanza choti kakakamire, kadyetseni bwino, musakamange ndi waya, ndipo ana aang'ono asakayandikire ngakhale kakuoneka kofatsa chotani. Pitani nokha ku ofesi ya zanyama zakutchire mukafotokoze mmene zinthu zilili asanakupezeni, mutatenga nambala ya foni ya wogulitsayo. Alipo a Zambia Primate Project amene amalera apusi ndi anyani olanditsidwa kwa anthu n'kukawamasula m'magulu ku Kafue National Park. Mnyamata wanuyo musamukalipire pamaso pa anzake, ndipo ngati akufuna kujambula tsiku lokapereka kanyamako, mulekeni ajambule ndi kuika pa TikTok pakepo, mwina omutsatira achulukadi. Wina akalumidwa kapena kukandidwa zimenezi zisanachitike, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale balalo likhale laling'ono.