Chiwongolero chikugwedezeka ndikagunda dzenje: ndigule damper?

FUNSO: Ndine mlimi wa fodya ku Santhe m'boma la Kasungu, ndipo ndili ndi Toyota Land Cruiser 79 yomwe ndimanyamulira mabelo kupita ku Chinkhoma. Kuyambira dzinja lapitali, ndikagunda dzenje pa liwiro la makilomita pafupifupi 70 pa ola, chiwongolero chimagwedezeka mwamphamvu uku ndi uku, ndipo sichisiya mpaka nditachepetsa liwiro kwambiri. Makaniko wina akuti ndigule steering damper yatsopano. Kodi ndigule?
Wowerenga wa ku Santhe

YANKHO: Bambo, ndalamazo zisungeni kaye. Steering damper ndi shoko yaing'ono yogona chopingasa, yomwe ntchito yake n'kufewetsa kugunda kochokera ku matayala kusanafike m'manja mwanu. Yatsopano ikhoza kubisa vutoli kwa kanthawi, koma chitsulo chomwe chagwedera chimapitirirabe kudyeka, ndipo kugwedezekako kukadzabwerera kudzakhala koopsa kuposa lero.

Kugwedezeka kwa chiwongolero kulipo kwa mitundu ingapo. Kunjenjemera komwe kumabwera pa liwiro limodzi pa phula losalala, n'kuzimiririka mukawonjezera kapena kuchepetsa liwiro, kawirikawiri kumachokera ku matayala osachita balansi, pomwe kobwera pokhapokha mukaponda mabuleki kumaloza ku madisiki a mabulekiwo. Kwanuko n'kwina, chifukwa kumadzutsidwa ndi dzenje. Galimoto yanu ili ndi ekiselo imodzi yolumikiza matayala onse awiri akutsogolo, choncho limodzi likagunda, linzake limamva, ndipo ngati penapake pali pogwedera, awiriwa amayamba kukankhana mobwerezabwereza mpaka liwiro litatsika.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Popeza vutoli lidayamba m'dzinja, suzumirani kuseri kwa malimu, komwe matope a katondo amauma n'kulemetsa mbali imodzi ya tayala. Onani manati, mpweya, ndi chotupa chilichonse pa tayala, kenako sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo muone ngati pali kusintha.

Mayeso enieni amafuna anthu awiri. Imikani galimoto pamalo athyathyathya matayala ali pansi, kokani handibuleki, ikani miyala kumatayala akumbuyo, zimitsani injini koma kiyi akhale potsegula kuti chiwongolero chisadzitseke. Mnzanu azigwedeza chiwongolero pang'onopang'ono kumanzere ndi kumanja, inu mutagona pansi ndi tochi. Diso lanu liyambe pa Panhard rod, chitsulo chachitali chopingasa chomwe mutu wake umodzi wamangidwa ku chesisi ndipo winawo ku ekiselo. Galimoto za mtundu wanu, zomwe zidayamba kutuluka mu 1999, zili ndi masipiling'i opiringizika kutsogolo, ndipo masipiling'i otere amangonyamula kulemera. Chomwe chimaletsa ekiselo kuseweretsedwa cham'mbali ndi chitsulo chimenechi. N'chifukwa chake ine ndimachikayikira choyamba. Mukaona thupi la galimoto likusuntha cham'mbali matayala asanatembenuke, kapena bushi (labala ya kumutu kwa chitsulocho) yong'ambika, vuto mwalipeza. Yang'anitsitsaninso bawuti yake: fumbi lofiira la dzimbiri kapena chitsulo chonyezimira m'mbali mwa washa ndi umboni woti yakhala ikusewera, ndipo ngati bowo lake lakula n'kutalika ngati dzira, bushi yatsopano payokha siithandiza mpaka bowolo litakonzedwa.

Mukachoka pamenepo, gwirani tie rod end iliyonse (mfundo ya kumapeto kwa zitsulo zokhotetsa matayala) m'chikhatho mnzanu akugwedezabe. Dzanja limamva kugogoda komwe diso silingaone, ndipo yomwe labala yake yang'ambika ndiye kuti fumbi lidalowa kale n'kudya mkati. Onaninso mabushi a zitsulo ziwiri zochokera ku ekiselo kupita kumbuyo ku chesisi, komanso mabawuti a steering box (bokosi la magiya a chiwongolero) ndi mng'alu uliwonse pa chesisi pomwe yamangidwa.

Tsopano kwezani kutsogolo ndi jeke n'kuikapo chochirikiza cholimba, osati njerwa. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likagogoda, mnzanu aponde mabuleki mubwerezenso. Kugogodako kukatha ndiye kuti ndi belingi ya tayala, koma kukapitirira, ndi mabelingi a kingpin omwe tayala limatembenukirapo. Amenewa ambiri amawaiwala, chonsecho pa Land Cruiser yoyenda m'misewu ya mabampu amatha mwakachetechete. Girizi wosakanikirana ndi oyilo akamachucha pa mpira wachitsulo wa kumapeto kwa ekiselo, ndiye kuti masilo adatha ndipo malowo akufunika kumasulidwa onse. Ntchito imeneyi ipatseni makaniko amene amadziwa kuika timalata topyapyala totchedwa mashimu n'kuyeza kulimba kwa mabelingiwo ndi sikelo yokoka, chifukwa kumanga mongoyerekeza kumabwezeretsa vuto lomwelo.

Simunanene ngati galimotoyo idakwezedwa ndi masipiling'i aatali. Ngati idakwezedwa, kupendekeka kwa ekiselo komwe kumabweza matayala kuti awongoke, komwe amakaniko amati caster, kudachepa, ndipo kumafunika kubwezeretsedwa ndi mabushi kapena zitsulo zopangidwira ntchitoyo. Balansi ndi alayinimenti zibwere pomaliza, zogwedera zonse zitasinthidwa, apo ayi mudzalipira kawiri. Damper musinthe pokhapokha ngati ikuchucha oyilo kapena yafooka.

Pakadali pano musanyamule mabelo kapena anthu. Kugwedezekako kukakupezani pa ulendo wopita ku galaja, gwirani chiwongolero ndi manja onse awiri, chotsani phazi pa mafuta, ndipo musaponde mabuleki mwadzidzidzi; lolani liwiro litsike pang'onopang'ono, muime pambali, kenako mupitirize pa liwiro lotsika kwambiri.