Mwatuluka kundende koma ndalama za usilikali akukukanizani: yambani ndi kalata

Bambo a ku Senga Bay, mukuti munagwira usilikali zaka zambiri, ntchito inatha muli m'ndende, ndipo chitulukireni, mukapita kukafunsa za ndalama zanu amangoti "womangidwa salandira kanthu". Funso langa ndi ili: mawu amenewa anakulemberani papepala?

Milandu yambiri yotere ndaiona ikufera pomwepa. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu, iyenera kukupatsani zifukwa zake molemba. Zonena kalaliki pawindo si zifukwa, ngakhale atazinena mokweza chotani. Ndipo wofuna kuti High Court iunike chiganizo chotere ali ndi miyezi 3 yokha kuchokera tsiku lomwe chinapangidwa. Anthu amathera miyezi imeneyi pa "mubwere Lolemba", ena akudikira mlamu wodziwana ndi bwana. Pofika kwa loya, boma limangoti mwachedwa, nkhani yeniyeni osaikhudza n'komwe. Khoti likhoza kuwonjezera nthawi ngati pali chifukwa chomveka, ndipo kukhala m'ndende mwina kungaganiziridwe, koma musadalire zimenezo.

Choncho lembani kalata sabata ino ku ofesi yomwe ikukukanizaniyo, muikepo nambala yanu ya usilikali, mupemphe chiganizo ndi zifukwa zake. Kope lanu alidinde ndi tsiku.

Sindikulonjezani kuti mudzalandira zonse. Zimatengera momwe anakuchotserani ntchito, zaka zomwe munagwira, komanso ngati munaweruzidwa ndi khoti la asilikali kapena khoti wamba.

Kwa a Labour musataye ndalama ya minibasi: lamulo la za ntchito la Employment Act silikhudza asilikali. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau mutatenga chikalata chotulukira kundende, chigamulo cha khoti ndi kalata yokuchotsani ntchito. A Ombudsman, ofesi yofufuza madandaulo okhudza maofesi a boma, amalandira madandaulo mwaulere, koma musaganize kuti kudandaula kumeneko kumaimitsa miyezi 3 ija. A VELOM, bungwe la asilikali opuma, afunseni ngati angakulembeni m'kaundula mwawo. Za ntchito zamanja, a Prison Fellowship ali ndi malo ku Balaka ophunzitsira otuluka kundende.

Za munda womwe achimwene anu akulima ati chifukwa "munachititsa manyazi mtundu": kumangidwa sikulanda munthu munda. Yambani kwa amfumu, mutenge mboni zodziwa malire.