Yankho kwa mayi wa ku Thyolo amene akuti anadziiwala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito yolemba makilo a tiyi pa esiteti ina ku Thyolo. Sinditchula dzina lawo, koma andilola kuti ndiwayankhe poyera. Akuti chichitikireni namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, pamene nyumba yawo inagwa ndipo mng'ono wawo anakokoloka ndi madzi osapezekanso, mtima wawo sunakhalenso m'malo. Nyumba anamanga ina, kutchalitchi amapita, m'kwaya amaimba, koma usiku tulo sabwera, ndipo amamva ngati munthu amene iwo anali kale anatsalira m'matope aja. Pa Facebook anawerenga kuti munthu ayenera kukumbukira kuti iye ndi mzimu, tsono akufunsa kuti mawu amenewa akutanthauza chiyani, komanso ngati kukumbukira kokha kungabweretse mtendere.

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekerani. Ndiyamba ndi liwu lakuti mzimu, chifukwa kwathu kuno liwuli ndi lolemera. Ife amene tinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje tikamva za mizimu timaganiza za makolo amene anatisiya, za nsonga ya Sapitwa imene ili pa mamita 3,002, ndi nkhani zimene agogo ankatiuza zakuti ukapeza chakudya chophikaphika m'phirimo uzingodya osaitana mnzako. Choncho munthu wamoyo akauzidwa kuti ndi mzimu akhoza kuchita mantha, kapena kuganiza kuti thupi lake, njala yake ndi misozi yake zilibe ntchito. Ine sindikhulupirira choncho. Buku la Genesis, mutu 2 ndime 7, limanena kuti munthu anaumbidwa ndi dothi ndipo Mulungu anamuuzira mpweya wa moyo m'mphuno mwake. Ndife dothi, n'chifukwa chake timatopa ndi kulira, koma mwa ife mulinso mpweya umene sitinaugule kapena kuugwirira ntchito, ndipo madzi osefukira sangaukokolole. Ndikamanena za chimene inu muli kwenikweni, ndikunena za mpweya umenewo.

Vuto ndi lakuti moyo umatipatsa mayina ambiri mpaka dzina loyamba lija limakwiririka. Kuntchito ndinu kalaliki, kunyumba ndinu make uje, kumpingo ndinu woimba, ndipo chaka cha namondwe chija munalembedwa m'kaundula wa anthu okhudzidwa, dzina limene limamatirira pamunthu ngakhale misasa itapasulidwa kalekale. Inu mumaudziwa tiyi kuposa ine, choncho mundilole ndikukumbutseni chinthu chimene mumachiona tsiku lililonse. Tiyi amene amaoneka ngati mphasa yobiriwira kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Muloza si chitsamba mwachibadwa chake, koma ndi mtengo, ndipo akausiya osaudulira umakula kupitirira denga la nyumba. Amaudulira kuti ulekeze m'chiuno n'cholinga choti wothyola afikire nsonga zanthete mosavuta. Mpeni umasintha msinkhu wake, koma mizu, madzi oyenda m'kati mwake ndi mbewu yake zimakhalabe za mtengo. Inunso mwaduliridwa ndi ntchito, udindo ndi chisoni mpaka mwayamba kudziyeza ndi zimene ena amakolola pa inu. Munthu amene mukuti anatsalira m'matope uja sanafe ayi. Wangofupikitsidwa, ndipo inu mwaiwala msinkhu wake.

N'chifukwa chake ndimalikonda liwu lakuti kukumbukira kuposa lakuti kufunafuna. Chimene umachifunafuna chimakhala kutali, pamene chimene umachikumbukira unali nacho kale. M'fanizo la mwana wolowerera, pa Luka mutu 15, mnyamata uja sanasanduke mwana wa bambo ake chifukwa cha ntchito ina imene anagwira. Ali pakati pa nkhumba, wanjala ndi wausiwa, nzeru zinamubwerera nakumbukira kuti ali ndi kwawo. Abale athu achisilamu nawonso ali ndi zikiri, liwu lochokera ku Chiarabu limene tanthauzo lake ndi kukumbukira, ndipo amaimitsa ntchito kasanu pa tsiku kuti aswali. Ine ndine Mkhristu, koma ndimaona nzeru yaikulu m'chizolowezi chimenechi, pakuti chimavomereza kuti munthu sachedwa kuiwala, ndipo ayenera kukumbutsidwa dzuwa lisanalowe.

Nanga munthu amakumbukira bwanji? Apa ndikhalitsapo pang'ono. Mukatunga madzi mumtsinje wa Ruo kapena Thuchila nthawi ya dzinja amakhala ofiira ndi matope, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti kuwavundula sikuwayeretsa. Mumaika ndowa pansi n'kuisiya, matope n'kudikha okha. M'Chichewa timanena kuti kukhazika mtima pansi, ndipo ndikuganiza kuti makolo athu anasankha bwino mawuwa. Kuchokera m'kalata yanu ndikuona kuti mwakhala mukuvundula ndi zinthu zabwino zokhazokha: kumanga, kuimba, kusamala ana a malemu, kuthamangira mapemphero a usiku wonse. Palibe choipa pa zimenezi, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chimakusiyani muli chete. Mneneri Eliya atathawira kuphiri la Horebu, mtima utasweka mpaka kupempha imfa, kunadutsa chimphepo, chivomezi ndi moto, koma Mulungu sanali m'zimenezo, ndipo anamulankhula pambuyo pake ndi mawu apansipansi. Onaninso kuti zimenezi zisanachitike, mngelo anayamba wamupatsa chakudya ndi madzi n'kumusiya agone.

Choncho ndikupempha kuti m'bandakucha, musanayatse moto komanso musanagwire foni, muzikhala pakhonde kapena pamphasa kwa mphindi khumi. Musakonze pemphero lalitali. Mverani mpweya wanu ukulowa ndi kutuluka, podziwa kuti ndi mpweya wopatsidwa uja, ndipo maganizo akakuthawitsani, bwererani ndi mawu ochepa amene mwasankha nokha, monga akuti ndine wanu, Ambuye. Ndikuchenjezeni kuti masiku oyambirira adzakhala owawa kuposa mmene mukumvera panopa, chifukwa phokoso likatha, zimene munkazithawa zimayamba kumveka. Mudzaona nkhope ya mng'ono wanu, mwinanso mudzamva mkwiyo pa Mulungu. Musadzuke n'kuthawa, ndipo misozi ikabwera isiyeni itsike. Ine pamene mayi anga anamwalira ndinatha miyezi ndikuopa kukhala ndekha, ndipo mtendere unayamba kubwera tsiku limene ndinaleka kudzilimbitsa.

Pali chinthu china chimene kukhala chete pakokha sikungachikonze. Munanena kuti thupi la mng'ono wanu silinapezeke, kutanthauza kuti panalibe kusambitsa, panalibe manda, panalibenso tsiku limene mudzi unakhala pansi n'kulira nanu monga mwa mwambo. Mabanja ambiri ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre ali ndi bala lomweli. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo umunthu wathu timaukumbukiranso m'maso mwa anzathu. Kambiranani ndi eni mbumba komanso abusa anu kuti pakhale mwambo wa chikumbutso, dzina lake litchulidwe mokweza, mwina mubzale mtengo pamalo amene banja lingagwirizane. Mtima umavutika kukhazikika pamene maliro sanalilidwe.

Samalani ndi aliyense amene angakuuzeni kuti mtendere umenewu uli m'botolo la madzi kapena mafuta amene iye akugulitsa, chifukwa chimene chili kale mwa inu palibe angakugulitseni. Komanso ngati kusowa tulo kukupitirira, ngati chakudya sichikulowa, kapena ngati maganizo ofuna kudzichotsera moyo akukufikirani, pitani kuchipatala cha boma mukafotokoze zonse monga mwandifotokozera ine. Matenda a maganizo ndi matenda ngati ena onse, ndipo kulandira uphungu kapena mankhwala sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro.

Mwafunsa ngati kukumbukira kokha kungabweretse mtendere. Sikudzabweza mng'ono wanu, ndipo mvula yamphamvu ikamagwa usiku mtima udzagundabe. Chimene ndachiona n'chakuti mantha ndi chisoni zimabwerabe, koma zimakupeza uli ndi pokhala, ndipo sizikutenganso wathunthu. Yambani mawa m'mawa, ndipo chiperoni chikadzayamba mu Juni mudzandilemberenso kuti ndimve mmene mphindi khumi zija zikuyendera, ndiponso ngati a kubanja avomera za chikumbutso chija.