Ntchitoyi ilipo, koma simudzaipeza ndi dzina limenelo

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Area 25 konkuno ku Lilongwe. Anatenga digiri ya za laibulale ku Mzuni, ndipo panopa akugwira ntchito pa laibulale ya sekondale ina yomwe si yaboma. Akufunsa kuti: "Pa intaneti ndimaona mayunivesite akunja akufuna digital humanities librarian. Kodi ntchito imeneyi ndi yotani, ndipo kuno kwathu munthu angadye nayo? Kapena ndingosiya ndikayambe za akaunti?"

Achemwali, za akauntizo tadikirani kaye.

Ntchitoyi ndi yothandiza anthu ofufuza za mbiri, zilankhulo, zolembalemba, nyimbo ndi zipembedzo kuti agwiritse ntchito kompyuta pa kafukufuku wawo. Ambiri amati inayamba mu 1949, pomwe wansembe wa ku Italy, Roberto Busa, anapempha kampani ya IBM kuti imuthandize kusanja mawu onse a m'mabuku a Thomas Aquinas. Wa laibulale amaima pakati: mbali ino kuli mapepala, zithunzi ndi matepi, mbali inayo kuli wofufuza amene akufuna kuzipeza ali pa laputopu yake. Inu ndi amene mumazisandutsa mafayilo, kuzilongosola, kuzisunga kuti zisatayike, ndi kuphunzitsa anthu kuzigwiritsa ntchito.

Ndisakunamizeni, mukamadikira kuti dzina limenelo lituluke m'masamba a ntchito a Nation kapena Daily Times, mudikira mpaka imvi. Ku America ndi ku Ulaya mayunivesite akuluakulu ali ndi mpando wakewake wa ntchitoyi. Kuno imabisala m'maina ena: systems librarian, woyang'anira repository (nkhokwe ya pa intaneti yosungira zolemba) ya yunivesite, archivist, documentation officer wa bungwe, kapena wothandizira pa pulojekiti ya kafukufuku. Muziwerenga zimene akufuna kuti munthuyo azikachita, osangoyang'ana dzina la mpando.

Katundu wofunika manja ndiye ndi wambiri. Ku National Archives ku Zomba, yomwe inayamba mu 1947, kuli mafayilo a nthawi ya atsamunda. Ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi. Mamishoni akale monga Nkhoma, Livingstonia ndi Mua ali ndi makaundula ndi zithunzi zawo. Ku MBC kuli matepi a nyimbo zakale, ndiye onjezerani nyuzipepala ya Boma Lathu ndi magazini ya Moni. Konkuno ku City Centre, National Library Service inagwirizana ndi National Commission for UNESCO n'kuyenda m'midzi kujambula nthano pa vidiyo. Ndalama za ntchito zotere nthawi zambiri zimachokera kunja. Chitsanzo ndi Endangered Archives Programme ya British Library, yomwe inayamba mu 2004 ndipo inathandizapo ntchito zingapo kuno ku Malawi. N'chifukwa chake ntchito zambiri zimakhala za kontirakiti: pulojekiti ikatha, malipiro nawo atha. Zimenezi muzidziwiretu musanalembe kalata yosiya ntchito kusukuluko.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yonse ndi kusikana, kutanthauza kujambula mapepala ndi makina a sikana kuti alowe m'kompyuta. Kusikana aliyense angaphunzire tsiku limodzi: kuchotsa mapini adzimbiri mosamala kuti pepala lisang'ambike, kuika sikana pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi) kapena kuposa, kusunga fayilo yaikulu ngati TIFF (mtundu wa fayilo ya zithunzi), n'kupanga ina yopepuka yoika pa intaneti. Chimene chimasowa ndi munthu wodziwa chochita pambuyo pake. Mafayilo 5,000 otchedwa IMG_0001, IMG_0002 mpaka kumapeto ali ngati chimanga chothira m'nkhokwe yopanda khomo, chilipo koma palibe angatapeko.

Tiyerekeze kuti muli ndi chithunzi cha gulu la amayi a Chigwirizano ataima kutsogolo kwa tchalitchi. Kumbuyo wina analemba ndi pensulo kuti "Msonkhano, 1962", basi. Msonkhano wanji? Tchalitchi chake ndi chiti? Anajambula ndani, nanga mwini chithunzi ndani? Muyenera kupita kwa akuluampingo okalamba, kukhala nawo pakhonde, kuwaonetsa chithunzicho, iwo n'kumaloza ndi chala kuti awa anali amayi busa, awa anali azakhali a uje. Zimene akuuzanizo mumazilemba m'ndondomeko yodziwika monga Dublin Core, yomwe ili ndi magawo 15, monga mutu, mwini ntchito, tsiku, chilankhulo ndi umwini. Metadata ndi imeneyo, ndipo catalogue ija munkaiona yotopetsa ku Mzuni ndiye maziko ake. Katswiri wa kompyuta wochokera kunja sangakhale pakhonde paja n'kumva zimene agogo akunena. Inu mungathe.

Chichewa chathu chimakupatsaninso mwayi wina. Mapulogalamu a OCR, omwe amawerenga pepala losikanidwa n'kulisandutsa mawu ofufuzika, amapunthwa pa zolemba zathu zakale. Chilembo cha ŵ amachisokoneza kawirikawiri. Komanso kalembedwe kanasintha: tsegulani Buku Lopatulika lakale muona "cifukwa" ndi "cinthu" pomwe ife lero timalemba "chifukwa" ndi "chinthu". Wofufuza akalemba "chifukwa" m'bokosi lofufuzira, masamba onse akalewo samutulukira. Pamafunika munthu wodziwa zimenezi kuti akonze zolakwika ndi kulumikiza kalembedwe kakale ndi katsopano. Opanga mapulogalamu omasulira ndi omva mawu, monga a gulu la Masakhane lomwe limagwira pa zilankhulo za mu Africa, amafuna mawu osanjidwa bwino oterowo. Mukakhala kuti mumadziwanso Chitumbuka kapena Chiyao, mwaposa anzanu ambiri.

Palinso nkhani ya chilolezo, yomwe ambiri amaithamangira. Si chilichonse chosikanidwa chiyenera kupita pa intaneti. Lamulo la Copyright la 2016 muliwerenge, ndipo za nyimbo mudziwe kuti kuli COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso. Koma lamulo silikwanira. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, komabe za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo kaundula wa mpingo angakhale ndi milandu ya anthu amene ana awo alipo lero. Ine ndimaona kuti wa laibulale wodziwa kunena kuti "ichi chisungidwe koma chisaonetsedwe" ndi wofunika kuposa wodziwa mapulogalamu khumi.

Za mapulogalamu sinditaya nthawi. Koha (yoyendetsera catalogue) ndi DSpace (yoyendetsera repository) mwina munakumana nazo kale, poti malaibulale ambiri a m'mayunivesite athu amagwiritsa ntchito zimenezi. Onjezani Omeka yoonetsera zinthu pa intaneti, OpenRefine yokonzera deta yosokonekera, ndi Tesseract ya OCR. Zonsezi n'zaulere. Maphunziro aulere ali pa Programming Historian, chofunika ndi bandulo basi. Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ibwera pambuyo. Muzitsatiranso zochitika za SADiLaR, likulu la zilankhulo ndi kompyuta ku South Africa, ndipo ngati simunalowe Malawi Library Association, lowani, chifukwa mapulojekiti ambiri amamveka pakamwa asanatuluke m'nyuzipepala.

Pa intaviyu ya ntchito zotere, setifiketi yokha sikuthandizani kwenikweni. Adzafuna kuona chimene munapangapo. Ndiye yambirani pamene mulipo. Pemphani ahedi akulolezeni kutsegula kabati ija mumakhala magazini akale a sukulu ndi zithunzi za matimu a mpira, chiswe chisanamalize. Sankhani zinthu 50 zokha. Ngati sikana palibe, foni yabwino yoikidwa pa chinthu chosagwedera pafupi ndi zenera ikwanira poyambira. Chilichonse chikhale ndi dzina la fayilo lomveka ndi metadata yake yonse. Musunge makope atatu, limodzi likhale kunja kwa sukuluyo, chifukwa fulashi imafa osatsanzika. Zithunzi za ana musaziike pa intaneti popanda chilolezo. Mukamaliza, lembani tsamba limodzi lofotokoza mmene munagwirira ntchitoyo ndi mavuto amene munakumana nawo, ndipo linki yake muiike pamwamba pa CV. Ikafika pamenepo munditumizire ndidzaione, makamaka gawo la umwini, poti ndi limene ambiri amalisiya lopanda kanthu.