Yankho kwa mng'ono wanga pa za mafanizo a m'buku la nkhondo lija

Eya, moni nonse pagulu pano. Amayi, pepani, uthengawu utalikako. Mng'ono wanga, ndamva funso lako, akuti aphunzitsi akufuna mupeze zifanifani ndi mafanizo m'buku la Remarque lija, All Quiet on the Western Front, ndiye wasowa poyambira.

Kusiyana kwake si kovuta ayi. Ukaona "ngati" kapena "monga", chimenecho ndi chifanifani. Fanizo linalo silipempha chilolezo, limangotchula chinthu ndi dzina la chinzake, basi. Koma usathere mphamvu pa kuwerenga kuti alipo angati. Iwe uzifunsa kuti, kodi wanena mawuwa ndani, ndipo ali kuti powanena?

Tamvera. Bukuli likukamba za anyamata a ku Germany pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mphunzitsi wawo Kantorek, amene anawakopa anyamatawa kuti akalembetse usilikali, akuwalembera kalata n'kuwatcha achinyamata achitsulo. Mawu okoma m'khutu, eti? Koma iye ali khale kwawo. Kalatayo anyamatawa akuikamba atangochoka kukaona mnzawo Kemmerich kuchipatala, atamudula mwendo, khungu litachita chikasu, imfa ikuonekera pankhope. Chitsulo chake chiti pamenepo? Ndi ana a zaka 19, thupi lofewa ngati lako lomwe.

Tsopano mvera Paul Bäumer, wofotokoza nkhaniyi, amene ali m'ngalande zobisalamo asilikali. Iye akuti kumalo omenyanako kuli ngati madzi ozungulira amene amakukoka pang'onopang'ono ngakhale uli patali. Akutinso asanduka zilombo zolusa. Koma pamene pamandigwira mtima ine ndi pa nthaka. Mabomba akamagwa, msilikali amagwa chafufumimba, kukanikiza nkhope m'dothi, zala kukanda pansi, ndiye Paul akuti nthakayo ndiye bwenzi lake, m'bale wake, mayi wake. Nditawerenga pamenepo ndinatseka buku kaye. Mwana akaopa amathamangira pachifuwa cha amake, koma mayi ameneyu ndi yemweyo amene adzamukwirire. Pa nkhani yako khazikika apa, usapupulume.

Usaiwalenso nsapato za Kemmerich, zachikopa chofewa zija. Mwini wake asanatsirizike, mnzawo Müller wayamba kale kuzisirira. Atamwalira Kemmerich zinapita kwa Müller, Müller atawomberedwa zinapita kwa Paul. Nsapato zikukhalitsa kuposa miyendo yozivala. Chimenecho uchilembe ngati chizindikiro, usachisakanize ndi zifanifani.

Remarque sankangopeka za m'mutu. Anamutenga usilikali mu 1916 ali ndi zaka 18, anavulala mu 1917, bukulo linatuluka mu 1929, ndipo a Nazi analiwotcha mu 1933. Nkhondo yake ndi yomwe ija inafika ku Karonga mu 1914, imene inatengera makolo athu ambirimbiri ku mtengatenga.

Pomaliza yang'ana mutu wa bukulo. M'Chijeremani umangoti kumadzulo kulibe chatsopano. Paul akufa mu Okutobala 1918, tsiku la bata, ndipo lipoti la asilikali tsiku limenelo likunena mawu omwewo. Ukalemba ndime yoyamba unditumizire usikuuno, ndiiona ndikaweruka.