Ndalama za ana a ku Samburu: timange nyumba kapena ayi?

Mayi wina amene amakhala ku Britain wanditumizira imelo. Akuti kutchalitchi kwawo asonkha ndalama zothandizira ana amasiye ndi aulumali a mtundu wa Asamburu ku Kenya, ndipo ena akufuna kuti zikamange nyumba yosungiramo ana. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi timange, kapena pali njira ina?"

Mayi, musathamangire njerwa.

Asamburu amakhala kumpoto kwa Kenya, dera louma lomwe likulu lake ndi Maralal. Chuma chawo ndi ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi ngamila, ndipo amasamuka potsata msipu. Makolo akamwalira, kawirikawiri mwana amatengedwa ndi agogo kapena abale a bambo ake. Chimene chimasowa si mudzi, koma mkaka. Pa chilala cha 2020 mpaka 2023 mvula inakanika nyengo zisanu zotsatizana, ziweto zinafa zambiri, ndipo gogo amene ankalera zidzukulu ndi mbuzi zochepa anatsala chimanjamanja. Gogo wotere mukamugulira mbuzi ndi kulipirira mwana yunifomu, mwanayo amakula akuyankhula chinenero chake, ali pakati pa abale ake.

Boma la Kenya nalonso likulowera komweko. Mu 2022 linakhazikitsa lamulo latsopano la ana, komanso ndondomeko ya zaka 10 yoti ana azileredwa m'mabanja osati m'nyumba zosungiramo ana. Ndiye kumanga nyumba yatsopano lero n'kupalasa bwato mobwerera.

Nkhani ya ana aulumali ndi yolemerako, ndipo apa sindikufuna kunamizira kuti mudzi umatha zonse. Taganizani za mwana wosayenda pa tsiku losamuka. Mayi ake amanga katundu pa bulu, kumsana kuli khanda, mtunda ndi wautali, m'njira muli miyala ndi minga. Njinga ya olumala ya m'tauni siyenda pamenepo. Komanso alipo ena amene amaona ulumali ngati tsoka, moti mwanayo amabisidwa m'nyumba. Mwana wotere amafunikadi malo ogona pafupi ndi sukulu ndi chipatala. Ku Maralal kuli bungwe la SHERP lomwe lakhala likusamalira ana aulumali kwa zaka zambiri. Kulimbikitsa zimene zilipo kale kumaposa kuyambitsa zanu muli kutsidya la nyanja.

Chinthu china chimene opereka sakonda, poti sichioneka bwino pachithunzi, ndi mapepala. Boma limapereka 2,000 shillings pamwezi kudzera mu ndondomeko yake yothandiza ovutika ya Inua Jamii kwa mabanja olera ana amasiye ndiponso osamalira anthu a ulumali waukulu. Koma kuti banja lilembedwe pamafunika zikalata, ndipo ulumali uyenera kutsimikizidwa kuchipatala. Kwa mayi wa kumbali ya Baragoi, tauni ya kutali kumpoto kwa Maralal, thiransipoti yokha ndi mbuzi yathunthu. Ndalama zanu zikalipira ulendo umenewo, zimatsegula khomo la thandizo lokhalitsa.

Musanatumize kalikonse, funsani bungwe limene mukufuna kulithandiza satifiketi yake ya boma, ndipo mufunse ngati ofesi yoona za ana ku Maralal ikulidziwa. Funsaninso kuti ana amapita kwawo kangati pachaka, ndipo ndi angati amene anabwerera kwa abale. Akakupatsani nambala ya M-Pesa (yolandirira ndalama pafoni) ya munthu mmodzi m'malo mwa akaunti ya bungwe, ndalamazo zisungeni kaye.